Fani Imene Tinasintha ndi Amayi Anu

Ana anga ndi adzukulu, nkhani ya kiyi wa galimoto yanga munaimva kwa mkulu wanu Hawa, ndipo Hawa pofotokoza amathira mchere wambiri. Ndiye ndati ndilembe mbali yanga mutu ukadali bwino. Za ubwana sindilembapo, poti mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja ino anawedzapo, anakwapulidwapo chifukwa chothawa madrasa, ndipo anadwalapo likodzo. Ine ndiyambira pa ntchito.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu: galaja ya pa Boma

Ndinalowa ntchito ku galaja yokonzera galimoto za boma ndili mnyamata woonda ngati usipa wa pathandala. Ntchito yanga inali yopatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Kapitawo wathu anali a Gondwe, bambo wamfupi wochokera kumpoto, amene sankaseka asanamwe tiyi. Atandiyang'ana tsiku loyamba anati, "Iwe ndiwe wa pansi pa dashibodi. Anzakowa mimba zinawakulira." Kuyambira pamenepo chilichonse chikafa m'kati mwa galimoto, kaya ndi waya, fyuzi kapena fani, wogona chagada miyendo ili panja ndinali ine.

Fani imeneyi ndiifotokoze, chifukwa enanu mumangodziwa kupotokola batani. Kuseri kwa kabokosi kamene kali kutsogolo kwa mpando wa pasinja kuli kamota kakang'ono, ndipo pamutu pake pali gudumu lokhala ndi zipsepse zambiri, looneka ngati kamono kogwirira nsomba. Kamota kameneka ndiko kamakankha mphepo yonse, yotentha ya hita ndi yozizira yomwe. Tsiku limene anandituma koyamba kukasintha kamota kotere ndinaseka. Ndinati, "Bwana, kuno ku Nkhotakota hita ndi ya chiyani? Tikupsa kale." A Gondwe anangoti, "Dikira mvula, mwana wane." Mvula itabwera anatilowetsa amakaniko tonse m'galimoto imodzi, natseka mawindo. Posakhalitsa galasi lakutsogolo linachita nthunzi chifukwa cha kupuma kwathu, mpaka chipata cha galaja sichinkaoneka. Kenaka anayatsa fani ija, mphepo n'kuyamba kuomba pagalasi, ndipo linayera kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Anatsika n'kukamwa tiyi wawo, ine ndili kukamwa yasa.

Zaka za ku Dwangwa ndi ku Ngala, Hawa ali kumsana

Nditapeza laisensi anandisamutsira ku Dwangwa kukayendetsa mlangizi wa zaulimi. Kumeneko akawotcha nzimbe phulusa linkagwa ngati mvula yakuda, zovala za amayi anu pachingwe n'kuda, fani ya galimoto n'kumatsokomola mwaye. Sitinakhalitse. Ananditumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Ngala kukayendetsa ambulansi, ndipo ntchito imeneyo ndiyo ndinakalamba nayo.

Mkulu wa anamwino pamenepo anali Mayi Chirwa, munthu wamawu apamwamba koma wamtima wofewa. Nthawi imeneyo zipangizo zinali zosowa. Ukapempha tayala ankati mapepala apita kulikulu, ukapempha batire ankati mapepala ali m'njira. Kuseri kwa ofesi ya pa Boma kunali bwalo la galimoto zakufa limene madalaivala tinkalitcha kumanda, ndipo aliyense ankapita kumeneko ndi sipanala m'thumba kukazonda abale ake. Fani ya ambulansi yanga itafa ndinapita kumanda kuja, koma anzanga anali atanditsogolera kale. Ndinayenda dzinja lonse wopanda fani. Ndinkapaka sopo wouma m'kati mwa galasi kuti nthunzi isagwire msanga, ndipo sopoyo akatha mphamvu ndinkapempha woperekeza wodwala kuti akhale kutsogolo azipukuta.

Ndimakumbukira tsiku lina titanyamula mtsikana amene mimba yake inavuta. Azakhali ake anakhala pambali panga, akupukuta galasi uku akupemphera. Anapukuta mbali yawo yokha mpaka inawala. Ndinati, "Mayi, woyendetsa ndine, pukutani kunoku." Iwo anayankha kuti, "Inu mwazolowera msewu, ine ndikufuna ndione kumene tikafere." Tinafika bwino, mwana anabadwa, Alhamdulillah. Nditawafotokozera Mayi Chirwa anaseka mpaka kugwira khoma, koma mawa lake anakwera okha basi kupita ku Boma, nakakhala pakhomo pa ofesi ya bwana osachoka mpaka anabwerako ndi kamota m'chikwama chawo cha m'manja. Ndinakaika masana omwewo pansi pa mtengo wa mbawa.

Ndinene mosabisa kuti ndinali dalaivala wabwino, ndipo ndinkadziwa. Zaka zonsezo sindinagwetsepo galimoto m'ngalande, sindinavulazepo munthu. Nkhuku ndinagundapo, koma zolakwa zinali nkhukuzo.

Nditapuma pantchito

Titabwerera pa Boma ndinagula kagalimoto koyera kogwiritsidwapo kale ntchito, kochokera ku Japan. Ndinkanyamulira amayi anu mpunga ndi usipa wa geni yawo, ndinkapita nako kumzikiti Lachisanu, ndipo wodwala aliyense wa m'dera lathu lino abale ake ankagogoda pakhomo panga. Munthu ukapuma pantchito anthu amayamba kukupatsa moni wachisoni. Ine sanandipatse moni umenewo, chifukwa ndinali ndi kiyi m'thumba ndipo ankandifunabe.

Mvula ya chaka chatha ili pafupi kutha, fani ya galimoto imeneyi inayamba kulira ngati njuchi, kenaka inangoti zii. Sabata yomweyo kukuwaza mvula, pafupi ndi msika, ndinakhudza kaliyala ya njinga ya kabaza. Palibe anavulala, tomato yekha ndiye anamwazika pamsewu. Koma nkhani inafika kwa Hawa, amene monga mukudziwa ndi namwino ndipo pakamwa anatengera ine. Pa Idi, mpunga tisanamalize n'komwe, anayamba.

"Ababa, maso anu ali ndi ng'ala. Ndikuiona ndili pano. Kiyi ameneyo mundipatse."

Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinachita manyazi pamaso pa akamwini anga. Ndinati, "Maso anga alibe kanthu. Galasi linachita nthunzi chifukwa fani inafa. Iwe unabadwa ine ndikuyendetsa kale."

Tinakokanakokana mpaka amayi anu anaika mbale pansi. Anati, "Abambo anu akonze fani yawoyo. Mvula ikadzayamba kuli nikah, ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, ku Ngala. Adzatiyendetse okha, iwe Hawa udzakhale kumbuyo. Tikadzafika bwino, nkhani ya kiyi isadzamvekenso pakhomo pano." Hawa anavomera monyinyirika. Ine ndinayang'ana mkazi wanga ndi mtima woyamika, ndikuti uyu yekha ndiye ali mbali yanga.

Novembala wathayu: pansi pa mango

Chilimwe chonse sindinafulumire, poti kopanda mvula fani sindinkaisowa, ndinkangotsitsa mawindo. Mitambo itayamba kusonkhana kutsidya kwa nyanja ndiye ndinadzidzimuka. Ndinayamba ndi fyuzi, inali yamoyo. Ndinamenya pansi pa kabokosi ndi chibakera, kamota kanazungulira pang'ono n'kuimanso, ndipo ndinadziwa kuti makala a m'kati mwake adyeka. Ndinapita kwa Che Amidu, amene amagulitsa zida zakale za galimoto m'kontena kuseri kwa msika. Anatulutsa kamota konyezimira nati, "Aka n'kochokera ku Dubai, Mzee, mudzafa n'kukasiya." Ndinakatembenuza m'manja, mabowo a masikuluwu anali pamalo pake, ndinanyamula osafunsa kanthu. Safunsa anadya phula.

M'mawa mwake, dzuwa lisanakwiye, ndinaimika galimoto pansi pa mango. Ndinamasula waya wa batire, ndinachotsa kabokosi kaja, ndinakankhira mpando kumbuyo, n'kugona chagada monga kale. Koma kale ndi kale. Msana unadandaula, mimba imene a Gondwe ankaseka nayo anzanga inali itandipeza nanenso. Masikuluwu akutsogolo ndinawamasula pongopapasa, poti zala zanga zimadziwa njira. Sikuluwu yotsala inali kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi khoma la injini, ndipo phewa langa linakana kupinda. Ndinalimbana nayo mpaka thukuta kulowa m'makutu.

Amayi anu anali akupeta mpunga pakhonde. Anabwera n'kuima pa miyendo yanga.

"Bambo ake Hawa, mwagona kapena mwakomoka?"

"Ndikugwira ntchito, amake Hawa. Izi si za amayi."

"Tulukani ndione."

Zaka zonse za ukwati wathu anali asanagwirepo sikuludiraiva yanga. Koma anamanga chitenje molimba, navula mpango n'kuumanganso, nalowa chagada pansi pa dashibodi, agogo a adzukulu onsewa. Ine ndinagwada panja nditagwira tochi ya foni, ndikuwauza kuti apapase kumanzere kwa waya wokhuthala. Amayi ena opita kumjigo anaima pamsewu n'kumationerera. Amayi anu anafuula ali m'katimo kuti, "Pitani, mwamuna ndi wanga, galimoto ndi yanga." Posakhalitsa ndinamva sikuluwu ikugwa pa kapeti, ndipo kamota kakale kanatsikira m'manja mwawo.

Zimene tinapeza m'gudumu lija zinali zochititsa manyazi. Munali mankhusu a mpunga, tinsanza ta chisa cha khoswe, ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, zitaumbika n'kuuma gwa. Amayi anu anazikonkhomola ndi chala nati, "Ndiwo zonsezi mumandibisira muno?" Tinaseka mpaka ine kutsokomola.

Tinaika kamota katsopano, tinalumikiza pulagi, ndinabwezera waya wa batire n'kuyatsa. Kanalira bwino, phokoso lamphamvu, koma mphepo yotuluka pagalasi inali ngati mpweya wa khanda logona. Tinamasulanso. Ndinakhala pa mpando wa ndalema nditagwira magudumu awiriwo, lakale ndi latsopano, ndikuwayandikitsa kumaso ndi kuwatalikitsa, koma sindinaone kusiyana kulikonse.

"Zipsepse zake zapendekera kosiyana," anatero amayi anu. "Izi zikuyang'ana kunyanja, izi kumtunda."

Ndinayendetsa chala chachikulu pa zipsepsezo, ndipo zinali zoona. Pamenepo ndinakumbukira kuti galimoto za ku Dubai chiwongolero chimakhala kumanzere, choncho fani yake imakhala mbali inayo ndipo imazungulira mobwerera. Tinali titaika chinthu chopalasa mphepo chammbuyo. Ndinati, "Ndinaona kale zimenezo, ndimangokuyesani." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Eya."

Mankhwala ake anali osavuta. Ndinazula gudumu lakale pogogoda pang'onopang'ono ndi kamtengo, amayi anu analitsuka ndi mswachi wakale ndi sopo, tinaliumika padzuwa, n'kulikhomera pa kamota katsopano. Kenaka ndinasinthanitsa mawaya awiri a pulagi kuti kazizungulira mbali yathu. Mitundu ya mawayawo anandiuza ndi iwo, poti pamthunzi paja ofiira ndi akuda ankaoneka ofanana. Analowanso chagada kukamanga sikuluwu yakumbuyo ija, ulendo uno osafunsa njira. Nditayatsa, mphepo inatuluka mwamphamvu n'kutiwaza fumbi la nkhungu kumaso tonse awiri. Ndinayesa hita, inatentha. Ndinayesa yozizira, inazizira. Ndinasangalala ngati mwana, ndipo masana amenewo ndinamuimbira Hawa foni kuti akonzeke kupepesa.

Disembala: msewu wa ku Ngala

Tsiku la nikah kunacha ndi mvula, ndipo ndinakondwera nayo, poti ndiyo inali mboni yanga. Ndinavala mkanjo woyera ndi kofia yatsopano. Amayi anu anakhala kutsogolo, Hawa kumbuyo atafumbata mphatso. Tinatseka mawindo, ndinayatsa fani n'kulozetsa mphepo pagalasi, tinati Bismillah, ulendo.

Titangotuluka m'tauni mvula inakula. Mawaipa ankagwira ntchito, fani inkaomba, koma kutsogolo kunali mbuu. Ndinapotokola batani mpaka pamapeto. Kunali mbuu. Ndinatukwana Che Amidu chamumtima, n'kutambasula dzanja kupukuta galasi ndi chikhatho. Chikhatho chinabwerako chouma. Ndinapukutanso, chouma. Msewu umenewo ndimaudziwa ngati khonde la nyumba yanga, choncho ndinapitiriza, ndikuwerengera makona pamtima.

"Amake Hawa, tapukutani mbali yangayi," ndinatero.

Sanasunthe. Anayankha motsitsa mawu, kuti mwana kumbuyo asamve, "Galasi ndi loyera, bambo ake Hawa. Fani yathu ikugwira bwino."

Tinayenda pang'ono, kenaka anagwira bondo langa nati, "Mwana kumanzere." Ndinaponda buleki n'kukhotera pakati pa msewu, ndipo m'pamene ndinaona kamtsikana katafunda thumba la feteleza kumutu, kakuyenda m'mphepete mwa tala, pafupi moti ndikanatha kukagwira ndi dzanja. Kanali pamenepo nthawi yonseyi, ine osakaona.

Kutsogolo kunali mlatho wa Bua, wopapatiza uja. Ndikanatha kuwoloka. Ndawolokapo ndi ambulansi madzi akunyambita zitsulo, ndipo ndikanawoloka n'kukafika ku Ngala, pangano likanakhala langa, kiyi n'kukhalabe m'thumba mwanga. Hawa sanayankhule kanthu, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chake. Ndinaganiza za kamtsikana kaja, ndi za amayi ake amene ankakadikira kwinakwake. Ndinapatukira kumbali, ndinakoka handibuleki, n'kuzimitsa injini. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku limene ndinatsanzika kuntchito.

"Munkadziwa?" ndinawafunsa amayi anu.

"Kuyambira pamene munayamba kuyankha salamu ya anthu podikira kaye kumva mawu awo."

"Nanga munagoneranji m'fumbi muja, anthu n'kumakusekani?"

"Fani ikanakhala yakufa, inu mukanapita kumanda mukunena kuti vuto ndi fani," anatero. "Komanso mwanayu akufunika galasi loyera."

Ndinazula kiyi n'kumupereka kumbuyo osatembenuka. Hawa anamulandira ndi manja awiri, ndipo ndinamva kuti akulira. Ndinati, "Usalire, ungatigwetsere mu Bua. Giya yachiwiri imavuta kulowa, uziinyengerera." Ndinatsika mvula ikundimenya, ndinazungulira n'kukhala kumbuyo. Ndisanatseke chitseko ndinaona amayi anu nawonso akutsika pampando wawo wakutsogolo, umene sankalola munthu wina kukhalapo. Anabwera kudzakhala pambali panga, mpango utanyowa.

Zaka zonsezo ndinawayendetsa amayi anu kumisika, kumaliro ndi kuzipatala, koma tinali tisanakhalepo pampando umodzi m'galimoto, manja anga onse awiri ali opanda ntchito. Sindinadziwe powaika. Iwo anatenga dzanja langa limodzi n'kuliika pamiyendo pawo, naliphimba ndi lawo. Hawa analiza injini, matayala anayamba kugunda pamlatho, ndipo ndinayang'ana pawindo osaona kanthu koma kuyera.

"Bua wadzaza?" ndinafunsa.

"Wadzaza," anatero amayi anu. "Madzi ndi ofiira, anyamula nthochi yathunthu ndi masamba ake. Kutsidyaku kuli bambo akukoka bwato. Khalani phee, ndizikuuzani."